Kumtunda ndi Kumunsi kwa Zomba

Ndinachoka ku Zomba m'chaka cha 1968, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, asodzi nasiya mabwato awo pamatope ong'aluka, ndipo ndinabwerako m'chaka cha 2006, nditatha zaka 38 m'dziko la eni, zaka zolingana ndi zimene anagona wodwala uja m'mbali mwa thamanda la Betesda. Anthu a mtundu wanga dzina lathu n'lodziwika kuyambira masiku a makolo: ndife matchona, amene tinatsanzika mbumba ndi mawu akuti tikungokapeza ndalama ya msonkho, bulangete ndi njinga, koma titafika kumeneko dziko linatigwira monga ulimbo ugwira mbalame. Pochoka ndinali mnyamata wa zaka 22, m'thumba muli mapaundi awiri ndi masheleni owerengeka, pakuti kwacha ndi tambala zinadza pambuyo, m'chaka cha 1971. Ndipo ngakhale chinenero chimene ndikulembachi chinali kusinthidwa dzina chaka chomwecho, kuti chisatchedwenso Chinyanja koma Chichewa.

Akandifunsa ana chimene chinandisunga nthawi yonseyo, ndikhoza kutchula zifukwa zoona ndithu. Njira ya ku Tete inali ya nkhondo; malire a Rhodesia ndi Mozambique anatsekedwa mu 1976; ndipo atatsegulidwanso, nkhondo ina inali itabuka kale m'dziko la Mozambique, magalimoto nayenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali, kufikira mtendere wa 1992. Koma pamaso pa Mulungu sindingabisale kuseri kwa nkhondo za anthu ena. Chimene chinandimanga miyendo chinali manyazi, pakuti chaka chilichonse ndinkati ndidzapita chaka chamawa ndikadzapeza chogwira m'manja choyenera munthu amene wakhalitsa kunja, ndipo pamene zaka zinachuluka, chogwira m'manja choyeneracho chinakulirakulirabe kufikira sindikanathanso kuchipeza. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinatsala pang'ono kufera momwemo, ndipo chinanditulutsa ndi imfa ya mkazi wanga, pamene ndinaimirira pamanda m'dziko lachilendo ndi kudzifunsa kuti wondiika ine adzakhala yani.

Ku Salisbury, mzinda umene unatchedwa Harare mu 1982, ndinayamba ndi ntchito ya m'dimba la maluwa ndi ya kukhitchini m'dera la Highlands, ndikugona m'kanyumba kakuseri pafupi ndi mulu wa zinyalala, chitupa chili m'thumba usana ndi usiku monga chithumwa. Lamulungu tinkatsikira ku Harari kapena ku Highfield kukapemphera mumpingo wa CCAP m'chilankhulo chathu, kumene Ashona ankatitcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, ngakhale ena a ife Blantyre tinangomudutsa. Pambuyo pake ndinaphunzira utelala, ndipo zaka zambiri ndinazitha ndikupalasa makina a Singer pakhonde la sitolo ku Machipisa. M'maulendo a Lamulungu amenewo ndi mmene ndinaphunzira chinthu chimene sukulu sinandiphunzitse, chakuti tauni simera yokha monga umamerera mudzi, kumene mwana wamkazi akakwatiwa amanga pafupi ndi amake, koma kuti pamakhala munthu wina amene anakhala pansi ndi pepala ndi pensulo, nalamula amene adzagone kumpoto ndi kuvuma, kumene kuli mitengo ndi mphepo yabwino, ndi amene adzagone kumwera ndi kuzambwe, pafupi ndi utsi wa mafakitale. Kumeneko zinali zolembedwa poyera, pakuti lamulo logawa dziko pakati pa Azungu ndi anthu akuda linakhazikitsidwa mu 1930, ndipo munthu sukanalakwitsa malo ako. Ndimo ine, pocheza ndi anzanga madzulo, ndinkadzitama ndi mtima wonse kuti kwathu ku Zomba zotere kunalibe, kuti kwathu kunali phiri, madzi ozizira ndi mitengo ya mibawa, ndi kuti aliyense ankayenda kumene wafuna. Ndinkanena zimenezi ndikuzikhulupirira.

Ulendo wobwerera sindiuchulutsira mawu. Basi inatidutsitsa pa Nyamapanda, pamlatho wa Zambezi ku Tete, pa Zobue ndi pa Mwanza, nkutitula ku Blantyre pa depoti ya Wenela, imene dzina lake lisungabe chikumbutso cha kampani ija inkatenga amuna a dziko lino kunka nawo ku migodi ya ku Joni. Ku Limbe ndinakwera minibasi, kondakitala wa msinkhu wa mdzukulu wanga nati, "Madala, tasunthani pang'ono," ndipo mawu amenewo, ngakhale anali wamba, anandilowa mumtima chifukwa anali oyamba kundiuza m'chinenero changa kuti ndakalamba. Tinadutsa Namadzi, tinadutsa Thondwe, ndipo phiri linatulukira kutsogolo, lalitali ndi lotambalala, mtambo uli pamutu pake monga momwe ndinalisiyira.

Chinthu choyamba chimene maso anga atsopano anachiona ndi nsanja ya njerwa zofiira ija ili polowera m'tauni, chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Pa ubwana wanga inali nsanja ya wotchi basi, chizindikiro chakuti wafika pa Zomba. Tsopano ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene nkhondo imeneyo ankaitcha ya Chiwaya, ndipo sanagwire mfuti koma anali mmodzi wa amtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a dziko la Nyasaland amene anasenza zipolopolo, ufa ndi mahema pamitu kupita nazo kumpoto kumene Angerezi ankamenyana ndi Majeremani. Ambiri a iwo anagwa m'njira ndi kamwazi, njala ndi chibayo, nakwiriridwa popanda wolira. Agogowo anabwerako, koma khosi lawo silinatembenukenso bwino kufikira imfa. Ndili mwana ndinkaseka mayendedwe awo. Ndili m'minibasi muja, nditayang'ana nsanjayo, ndinazindikira kuti khosi lija linali chipilala chawo, ndipo kuti linaikidwa m'manda pamodzi nawo.

Kumudzi kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinaima pabwalo, ndinati "Odi," ndipo kunatuluka mayi wa imvi amene ndinamusiya ali mtsikana wongotha msinkhu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwada nati, "Achimwene, kodi ndinu?" Asanandipatse moni anayamba kulira maliro, ndipo amayi oyandikana nawo anabwera nakhala pansi kulira naye, pakuti mwambo ngwakuti wobwera kuchokera kutali ayambe walira akufa amene anapita iye kulibe. Anali ambiri. Bambo ndi mayi, amalume awiri, mphwanga, ndi ana atatu a mchemwali wangayo amene mliri wa Edzi unawatenga ali pa msinkhu wobereka, nusiya ana amasiye m'manja mwa agogo awo. Ine ndiye ndinali mwini mbumba, woyenera kuimirira pa maukwati awo, kuweruza milandu yawo ndi kulankhula pa maliro awo. Ndipo zonsezi zinachitika popanda ine, ena nasenza mtolo umene unali wanga. Mchemwali wanga sanandidzudzule ndi liwu limodzi lomwe, ndipo kukhala chete kwakeko kunandilemera koposa chidzudzulo.

Litapita sabata la kumanda ndi la kulonjera abale, ndinadzuka m'mamawa tsiku lina ndi kunena kuti ndikufuna kuyenda ndekha m'tauni. Ndinayambira kumsika, umene ukadali wodzaza monga kale: matemba ndi milamba yowamba ya ku Chilwa, mpunga wa m'madambo a kunyanja komweko, mbatata ya kachewere ndi zipatso zotsika m'phiri, ndi chinenero chosakanizika cha Anyanja, Ayao ndi Alomwe chimene munthu sangachimve kwina kulikonse. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ndinadutsa pa mzikiti, ndinalowa mumzere wa masitolo a Amwenye, ndipo m'makonde mwake ndinapeza atelala atakhala pa makina awo monga momwe ndinakhalira ine ku Machipisa. Ndinaima kupenya mmodzi akuika zipi pa thalauza, ndinamulonjera, iye nandiyankha mwaulemu monga ayankhira mlendo. Masitolowo anakhalapobe chifukwa pamene boma la Dr Banda linachotsa amalonda achimwenye m'midzi m'zaka za m'ma 1970, Zomba inali imodzi mwa matauni anayi amene analoledwa kukhalamo.

Koma nditafika pamsewu waukulu, uja uchokera ku Blantyre kunka ku Liwonde, ndi kukweza phazi kuti ndiwoloke kupita kumtunda, ndinamva m'miyendo mwanga kanthu kamene ndinali nditakaiwala: kudodoma pang'ono, kukonza kolala ya malaya, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wondifunsa kumene ndikupita. Ndinali nkhalamba ya zaka 60, m'dziko langa lodzilamulira, popanda chitupa m'thumba, ndipo thupi langa linakumbukira chimene mutu unakana kwa zaka 38. Ndinaima pomwepo, ndinayang'ana kumunsi, ndinayang'ana kumtunda, ndipo ndinaona Salisbury. Kumunsi, kumene kuli kutentha, fumbi ndi udzudzu, kunali msika, ndende, malaini a asilikali ndi apolisi, tinyumba ta makalaliki ndi midzi yathu. Pakati panali masitolo a Amwenye. Kumtunda, kupyola bwalo la gofu, kumene mphepo imatsika yozizira ndi madzi a Mulunguzi amafika asanadetsedwe, kunali maofesi a boma, ndipo pamwamba pa maofesiwo nyumba za malata ofiira ndi makonde aakulu, zokwera chitunda monga mwa ukulu wa eni ake, wamkulu pamwamba, wamng'ono pansi pake. Ku Rhodesia anagawa ndi lamulo lolembedwa m'buku. Kuno phiri lomwe linawagwirira ntchitoyo, ndipo chifukwa phiri analenga ndi Mulungu, ife ana tinkayesa kuti kugawako nakonso n'kwa Mulungu. Pabwalo la gofu lija ndinkanyamula zikwama za ndodo ndili ndi zaka 12, ndikulandira tiki ndi chimwemwe, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake udzu wofewa wotero unali wa kampira koyera pamene mayi anga ankalima pamiyala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ine nyererezo ndinakaziphunzirira kutali, m'mkuyu wa eni.

Sindikunena izi kuti ndinyoze kukongola kwa malowo, pakuti ngokongoladi, ndipo amene anawasankha anali ndi maso. Asanafike iwo, m'tsinde mwa phirili munali Amang'anja, kenaka Ayao a mafumu Malemia ndi Mlumbe, pamene Kawinga anali m'phiri la Chikala, kumene asilikali a boma latsopano anakamugonjetsa mu 1895. John Buchanan, amene anadza ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, ndiye anayamba kubzala khofi pano, ndipo ndi iye ndi abale ake amene anamangira kazembe Hawes nyumba ya nsanja ziwiri ija mu 1886, imene masiku ano itchedwa Masongola. Harry Johnston atadza mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi, anakhala m'nyumba yomweyo nasandutsa Zomba likulu, ndipo Alexander Whyte anayala munda wa mitengo ndi maluwa m'mbali mwa Mulunguzi, umene ulipobe. Maina amenewa tinawaloweza kusukulu, ndipo ali m'mabuku. Koma ndinapita kukagwira khoma la nyumbayo ndi dzanja langa, dzanja la munthu amene wagwira ntchito m'nyumba za ena, ndipo ndinafunsa mumtima: anaponda dothi ili ndani, anaumba njerwa izi ndani, anadula nkhuni zoziotchera ndani, anasenza malata kuchokera kudooko la Shire ndani, pamene kunalibe njanji kapena galimoto? Omanga nyumba za boma zimene zinatsatira pambuyo pake anali amuna ofuna ndalama ya msonkho wa nyumba, ena a thangata m'minda ya Azungu, ena Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi amene analandira ntchito iliyonse kuti apeze pokhala. Monga ana a Israele ku Igupto, anamanga midzi ya mfumu ina ndi njerwa za manja awo, ndipo palibe mwala umene unalembedwa maina awo.

Mmodzi wa okwera chitunda chimenechi anali bambo anga. Anali mesenjala m'maofesi a boma la atsamunda, wovala kabudula ndi malaya a khaki, lamba wachikopa ndi chisoti chofiira, koma kumapazi opanda nsapato. Tambala woyamba akalira ankadzuka, nasita yunifolomu ndi simbi ya makala, nauyamba ulendo wochokera ku Likangala kukafika kumaofesi mabwana asanafike. Tsiku lonse ankathamanga ndi mafailo ndi makalata kuchokera khomo lina kunka lina, kunyumba yosindikizira mabuku a boma, ku positi, nthawi zina mpaka kunyumba ya bwanamkubwa, ndipo malo awo opumira anali benchi la pakhonde, pakuti mesenjala sakhala pansi mu ofesi. Ankadziwa kuwerenga Chinyanja chokha, kotero kuti malamulo amene ankamanga anthu a mtundu wawo anadutsa m'manja mwawo iwo osadziwa zili m'katimo. Madzulo ankafika zidendene zitang'ambika, mayi nawathira madzi ofunda, ndipo ine, mwana wopusa, ndinkachita manyazi ndi mapazi amenewo pamaso pa ana a makalaliki. Tsiku lija ndinayenda njira yawo yonse, kuyambira kumsika kukafika pakhonde limene ankakhala, ndili ndi nsapato zabwino za ku Harare, ndipo ndinapuma katatu. Iwo anaikwera zaka zoposa makumi awiri, mvula ndi chiperoni, ndipo ndi mapazi amenewo anandilipirira sukulu kufikira Sitandade 6. Benchi lija kulibe. Ndinakhala pansi pa masitepe, mlonda nandiyang'ana, nabwera kudzafunsa, "Agogo, kodi mwadwala?" Ndinamuyankha kuti iyayi, ndikungopuma pamalo pa bambo anga, ndipo iye, ngakhale sanamvetse, anavula chipewa nabwerera mwakachetechete.

Chapafupi pomwepo pali nyumba ya malamulo yakale, imene ndili mwana ndinkaiona ngati kachisi wa Solomo, koma tsopano inandionekera yaing'ono, yosaposa tchalitchi cha pamishoni. Komabe m'kanyumba kameneko munachitika zazikulu. Mu 1956 anthu akuda asanu analowa m'bwalo la malamulo mwa chisankho, pakati pawo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata amene ankayankha mabwana maso ndi maso. Ndipo ndikumbuka bambo akufotokoza madzulo, motsitsa mawu, kuti amesenjala ndi makalaliki ankalimbirana mabuku a zokambirana za m'bwalolo kuti wodziwa Chingerezi awamasulire anzake. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za ngozi m'dziko, Dr Banda ndi mazana a anthu a chipani cha Congress namangidwa. Pa 6 Julaye 1964 dziko linakhala Malawi. Ndipo pasanathe miyezi itatu anyamata omwe aja, atakhala nduna, anagawanika ndi mtsogoleri wawo, m'misewu ya Zomba nimuchitika ndewu zimene ndinaziona ndi maso anga, ndili mnyamata wosamvetsa kuti ufulu ungabale misozi msanga chotero. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ine ndili kutali. Aphungu anapitiriza kusonkhana ku Zomba kufikira dziko litabwerera ku zipani zambiri mu 1994, kenaka nawonso anasamuka.

Anthu ena amati kuyambira pamenepo Zomba ndi namfedwa, wokhala ndi zovala za mwamuna amene anapita. Ine sindivomereza kwenikweni. Potsika ndinadzera ku Chirunga, kumene Chancellor College inasamukira mu 1973, ndipo ndinaona anyamata ndi atsikana a ku Chitipa, a ku Nsanje, a ku Mchinji, akuyenda ndi mabuku m'manja, akutsutsana mokweza, osayang'ana uku ndi uku ngati pali wowafunsa. Ndipo ndinati mumtima, akanakhala moyo mesenjala uja akanaona chimene mapazi ake ankayendera. Tauni imene yataya bwanamkubwa nilandira ana otere sinasauke. Chimene chinandiwawa n'china. Mzere uja wa pakati pa kumtunda ndi kumunsi sunafafanizike. Angosintha ndi okhala m'nyumba za makonde, amene tsopano ndi akuda anzathu, ndipo ambiri amanga mipanda ya njerwa pamene Azungu ankangobzala maluwa. Amayi akutsikabe m'phiri ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, makosi ali gwa ngati la agogo anga aja, ndipo amuna akutsetsereka ndi njinga zosanjikiza nkhuni mpaka pamwamba pa mutu, kuti apeze ya ufa wa tsiku limodzi. M'mbali zina za phiri, mmene ndinasiya nkhalango yoti dzuwa silifika pansi, mwatsala zitsa ndi miyala, ndipo Likangala amene tinkasambamo ayenda ndi matope ofiira. Sindingaloze chala wosenza nkhuni, pakuti mwana akalira njala sauzidwa za mitengo. Koma sindingathenso kunena, monga ndinkanenera ku Highfield, kuti kwathu zotere kulibe.

Tsiku lomaliza la mwezi umenewo mdzukulu wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 2 amene mayi ake ndi mmodzi wa atatu aja, anandiperekeza kukwera phiri pa njira ya mbatata, imene alimi a pamwamba amatsikira ndi katundu wawo. Tinakwera pang'onopang'ono, iye atanyamula jekete langa, ndipo m'njira ndinamuuza za agogo a Chiwaya, za mesenjala wa chisoti chofiira, ndi za amayi ake amene ine, malume wawo, sindinawaonepo nkhope. Iye anandiuza mmene ankasekera. Titafika pamwamba tinakhala pathanthwe, tauni yonse ili pansi pathu, madenga ofiira ndi a udzu omwe, ndipo kutali kuvuma nyanja ya Chilwa inali kunyezimira, yodzaza madzi, chilumba cha Chisi chili pakati, ndi Mulanje ataima kumwera kwake.

"Agogo, kwathu ndi pati?" anafunsa mnyamatayo, pakuti anali asanakwerepo chikhalire.

Ndinatsata mtsinje ndi chala, kuchokera pamlatho kutsika nawo, kufikira pa kamtengo ka mango kamene pambali pake pankafuka utsi.

"Ndi apo," ndinatero. "Agogo ako ayamba kuphika. Tiye titsike kusanade."